Tsamba likachita chikasu, musathamangire kugula feteleza

Amalonda anzanga amene mumapikula repu, mpiru ndi tomato m'madimba a ku Likuni, Mitundu ndi Nathenje, mukudziwa kuti kasitomala amayamba wayang'ana masamba asanafunse mtengo. Mtolo wachikasu umaswera pabenchi mpaka dzuwa kulowa, mpamba n'kuthera pomwepo.

Ena mwa inu mwayamba kudzilimira nokha kuseri kwa nyumba, m'matumba, m'ndowa, ngakhalenso m'mapaipi a madzi okhaokha opanda dothi, ulimi umene akuutcha hydroponics. Pa ulimi wotere mbewu imadya zokhazo zimene mwasungunula m'madzimo, choncho mchere umodzi ukaperewera, tsamba silichedwa kuonetsa.

Ambiri akangoona chikasu amathamangira Urea. Koma chikasu chili mitundumitundu, ndipo feteleza wolakwika ndi ndalama yotaya. Musanapise m'thumba, onani kaye kuti layamba kusintha ndi tsamba lapansi kapena lakunsonga.

Ngati ndi masamba akale apansi, vuto ndi michere imene mbewu imatha kuisamutsa kuchoka ku tsamba lokalamba kupita ku lanthete. Tsamba lonse likachita chikasu mofanana, mbewu n'kupinimbira, yaperewera ndi nayitirojeni. Likapsa m'mbalimbali ngati lawauka ndi moto, ndi potaziyamu. Likachita chikasu pakati pa mitsempha koma mitsemphayo ikadali yobiriwira, ndi maginiziyamu, ndipo mchere wa Epsom wopezeka m'mafamase umathandiza. Likachita kufiirira kunsi, ndi fosifolasi, ngakhale kuti kuzizira kwa mu June ndi July nakonso kumabweretsa mtundu womwewo chifukwa mizu imalephera kuyamwa bwino.

Ngati ndi masamba anthete akunsonga, ganizirani ayironi ndi kashiamu, michere imene siyenda ikakhazikika m'tsamba. Tsamba latsopano likatuwa koma mitsempha ili yobiriwira, ndi ayironi. Kawirikawiri ayironiyo amakhala alimo m'madzi, koma pH yakwera ndiye mizu ikulephera kumuyamwa. Madzi a ulimi wopanda dothi amafunika pH yapakati pa 5.5 ndi 6.5, ndipo a pamjigo wina amaposa pamenepa. Timapepala toyezera pH n'totchipa kuposa thumba la feteleza.

Kashiamu akaperewera, nsonga za letesi zimapsa ndipo tomato amada kumatako. Opikula tomato, tembenuzani angapo musanalipire dengu lonse, chifukwa wakuda kunsi sagulika ndipo sachedwa kuola. Kudimba vutoli limabwera kwambiri mukamathirira modumphitsa, lero madzi ambiri, mawa dothi gwa.

Kudimba, Urea amene ali ndi nayitirojeni 46 peresenti amabwezadi kubiriwira, ndipo CAN amaonjezerako kashiamu. Koma m'ndowa ya madzi okhaokha Urea sathandiza mofanana, popeza amadalira tizilombo ta m'dothi tosaoneka ndi maso kuti timusandutse chakudya cha mbewu. Gulani feteleza wosungunuka wopangidwira ulimiwu. Phulusa lili ndi potaziyamu, koma musalithire m'madzi a mbewu chifukwa limakweza pH.

Si chikasu chilichonse chimene chili njala. Njala ya michere imagwira mbewu zonse mofanana, pomwe matenda ndi tizirombo zimayamba patalipatali, ndi madontho, mabowo kapena kupiringizika kwa masamba. Yang'anani kunsi kwa tsamba ngati kuli akangaude ofiira kapena nsabwe. Zulaninso mbewu imodzi muone mizu. Yoyera ndi yathanzi, koma yakuda, yoterera ndi yonunkha ikusowa mpweya, ndipo ngakhale muthire feteleza wochuluka bwanji siingayamwe.

Mukapeza chovuta, konzani chinthu chimodzi n'kudikira pafupifupi sabata. Chiweruzo chili pa masamba atsopano, poti opsa kale sabwerera. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Zikakanika, thyolani tsamba lapansi ndi lakunsonga mupite nawo kwa mlangizi wa zaulimi wa dera lanu. Sukulu ya zaulimi ya Bunda ili pafupi ndi Mitundu, ndipo ku Chitedze amayeza dothi.

Nyengo ya mvula tomato wabwino amasowa ndipo mtengo umakwera. Amene mbewu zake zili zathanzi nthawi imeneyo ndiye amatchula mtengo pamsika.