Tchuthi cha ku Inhambane ndi Mayendedwe a Nyanja ya Mchere

Maiko atatu a Malawi, Zambia ndi Zimbabwe sakhudzana ndi nyanja ya mchere, kotero kuti anthu ambiri a m'maikowa akamva mau akuti nyanja amaganiza za nyanja ya Malawi, ya Kariba kapena ya Bangweulu. Wofuna kukapumula pa gombe la nyanja yaikulu ayenera kutsikira ku Mozambique, ndipo mwa malo abata a kumeneko Inhambane ndiye woyenera kutchulidwa poyamba. Komatu madzi a kumeneko ali ndi makhalidwe amene munthu wa kumtunda sanawaphunzire kwao, ndipo wosawadziwa angasandutse tchuthi chake kukhala maliro.

Wochokera ku Blantyre adzera pa Mwanza ndi Tete, wochokera ku Chipata atsikiranso ku Tete, ndipo wa ku Harare adzera pa Mutare. Njira zonsezi zikomana ku Chimoio. Pa Inchope munthu akhotera kumwera, naoloka mtsinje wa Save, nafika ku Maxixe. Ndi ulendo wautali, woyenera kuupatsa masiku awiri. Pa Maxixe mudzi wa Inhambane uoneka patsidya la madzi, pakati pa mitengo ya kokonati, ndipo anthu amaolokerako pa maboti a injini kapena pa ngalawa za matanga zotchedwa dhow.

Bata la mudziwu lili ndi chifukwa chake. Kale unali dooko la malonda a minyanga ya njovu ndi akapolo, koma pambuyo pake zombo zazikulu zinatsata dooko la Lourenço Marques, mzinda umene unatchedwa Maputo mu 1976. Nao mseu waukulu wa dzikolo unadzera tsidya la Maxixe, nutenga phokoso la malole ndi mabasi kunka nalo komweko. Inhambane anatsala ndi miseu yake yotakata, tchalitchi chakale cha Akatolika ndi mzikiti wakale, pamodzi ndi anthu ake olankhula Chigitonga ndi Chipwitikizi, amene sachita zinthu mothamanga.

Chinthu choyamba chimene chidabwitsa mlendo ndi ichi: madzi amene anawaona m'mawa akugunda khoma la dooko, masana aona atachoka, ngalawa zitagona cham'mbali pamchenga. Nyanja ya Malawi imakwera ndi mvula ndi kutsika ndi chilimwe, kamodzi pa chaka, ndiponso pang'onopang'ono. Nyanja ya mchere imadzala kawiri ndi kuphwa kawiri pa maola 24 ndi mphindi ngati 50. Chimene chichititsa izi ndi mwezi, umene ukoka madzi a dziko lapansi, ndipo dzuwa lithandizako. Popeza mwezi umachedwa kutuluka tsiku ndi tsiku, nako kudzala kwa madzi kumachedwa ndi mphindi ngati 50 tsiku lililonse. Ndiko kuti malo amene dzulo anali ouma pa 10 koloko, mlungu wamawa pa nthawi yomweyo angakhale pansi pa madzi. Mwezi ukakhala wathunthu, ndiponso ukakhala mumdima, mphamvu yake ndi ya dzuwa zigwirizana, ndipo madzi adzala kopambana naphwanso kopambana. Ku Beira kusiyana kwake kumafika mamita 6 pa masiku otere. Ku Inhambane nkocheperapo, koma nkokwanira kumiza munthu wamtali ataimirira.

Ngozi yake ili poti madzi akaphwa amasiya bwalo la mchenga lalikulu, losalala, lokopa munthu kuyenda kutali. Pobwera, madziwo safika kutsogolo kokha monga mlendo ayembekezera. Ayamba kudzaza makwalala otsika amene ali kumbuyo kwake, pakati pa iye ndi mtunda, ndipo potembenuka apeza kuti waima pa kachisumbu kamene kakuchepa. Amai a kumeneko amene amatola nkhanu ndi nkhono pa mchengawo alibe mawotchi, koma akasenza madengu ao kubwerera kumtunda, mlendo wanzeru awatsata osafunsa. Ngakhale mwini dhow akati ulendo uyambe madzulo, si ulesi ai. Akudikira madzi.

Gombe losambirako lenileni lili ku Tofo, makilomita 22 kuchokera ku Inhambane, kumene kulibe chotchinga mafunde a nyanja ya India. Wodziwa kusambira wa ku Nkhata Bay kapena ku Mangochi akondwa kuona kuti madzi amchere amnyamula mopepuka, ndipo apa mpamene kudzikhulupirira kumampweteka. Mafunde akatsanulira madzi ambiri pa gombe, madziwo afuna njira yobwerera, ndipo adzipangira ngalande yopapatiza imene ithamangira kunyanja ngati mtsinje. Malo oterewa amanyenga, pakuti mpamene mafunde saswekapo, ndipo paoneka podekha ndi pakuda kuposa pena ponse. Kholo losadziwa lisankhira ana ake pomwepo. Munthu akagwidwa ndi madzi amenewa asalimbane nao kuti abwerere molunjika kumtunda, chifukwa atopa asanapambane. Ayandame, akweze dzanja kuitana anthu, nasambire motsata gombe kufikira atatuluka m'ngalandemo, ndipo mafunde omwewo amthandiza kufika pamchenga. Kusamba munthu ali yekha, kapena atamwa mowa, nkosayenera konse. Msodzi aliyense wa pa Tofo angaloze ndi chala pamene pali poipa tsiku limenelo, ndipo kumfunsa sikulira ndalama.

Nyengo nayo iyenera kusankhidwa. M'miyezi ya Disembala ndi Januwale, ndiponso pa Pasaka, kumadzaza alendo ochokera ku South Africa ndi ku Maputo, mitengo ya malo ogona ikwera, ndipo bata lithawa. Miyezi ya dzinja ndiyonso nthawi ya anamondwe. Namondwe Dineo anasasula nyumba zambiri m'chigawochi mu Febuluwale 2017, ndipo Freddy, amene anthu a kumwera kwa Malawi sadzamuiwala, anayamba wagunda gombe la Vilankulo m'chigawo chomwechi mu Febuluwale 2023 asanabwerere kukafika kwa iwo mu Malichi. Miyezi yabwino ndi ya Meyi kufikira Okutobala. Kunja kumazizira bwino, udzudzu uchepa chinkana neti siyenera kusiyidwa, ndipo kuyambira Juni anamgumi ochokera ku madzi ozizira a kumwera amafika kudzaswana, nawoneka ndi maso munthu ali chikhalire pa chulu cha mchenga.

Za chakudya, mlendo asadere nkhawa. Nsima iliko, ndipo amaitcha xima. Ndiwo yotchuka ya kumeneko, matapa, ndi chigwada chomwe chija chotendera, koma athiramo madzi ofinya ku kokonati wopala, ndipo kawirikawiri aikamo nkhanu zimene amai aja anatola madzi ataphwa m'mawa mwake.