Kangachepe ka patebulo: mphatso kapena malipiro?

Munthu akadya mu lesitilanti ya mumzinda wa New York, n'kulipira bilu yonse mpaka senti yomaliza, kenako n'kunyamuka osasiya kalikonse patebulo, woperekera zakudya amatsala kukamwa kuli yasa. Ena amafika pomulondola pakhomo kuti amve ngati pali chimene chalakwika. Munthu yemweyo atati wadya ku Tokyo n'kusiya ndalama pambali pa mbale, amulondolanso ndithu, koma ulendo uno kuti amubwezere ndalama zimene akuganiza kuti waiwala.

Ndalama imeneyi ndi imene ambiri amaitchula kuti tipu. Alendo amavutika nayo, osadziwa kuti apereke zingati, apereke kwa ndani, kapena asapereke n'komwe. Koma kusiyana kwa miyamboyi sikuchokera pa kuolowa manja kapena kuumira kwa mtundu wa anthu. Nkhani yagona pa funso limodzi: amene akulipira wantchitoyo ndi ndani, mwini bizinesi kapena kasitomala?

Ku America yankho lake lili m'malamulo. Lamulo la dziko lonse limati wantchito asalandire ndalama zochepera madola 7.25 pa ola, ndipo chiwerengerochi sichinasinthe kuyambira mu 2009. Koma kwa wantchito amene amalandira tipu, bwana amaloledwa kumupatsa madola 2.13 okha pa ola, mlingo umene unaikidwa mu 1991. Zotsalazo akuti zichokere m'thumba la makasitomala. Papepala, matipu akapanda kufikitsa wantchito pa madola 7.25, bwana amayenera kuwonjezera. Koma woperekera zakudya amene akuopa kuchotsedwa ntchito sathamangira kukakumbutsa bwana za lamulolo. N'chifukwa chake kumeneko anthu amasiya pakati pa 15 ndi 20 peresenti ya bilu, ena kuposa pamenepo. Wodya chakudya cha madola 50 amawonjezera pafupifupi madola 10, ndipo madola amenewo ndi amene akukalipira lendi ya nyumba ya amene wamuperekera mbaleyo. Zigawo zina monga California, Washington, Oregon ndi Minnesota zinakana dongosololi, zimalamula kuti wantchito alandire malipiro onse oyambira, tipu ibwere pamwamba.

Chodabwitsa n'chakuti mwambowu si wa ku America. Unachokera ku Ulaya, kumene mlendo wogona m'nyumba ya munthu wolemera ankasiyira antchito a m'nyumbamo ndalama ponyamuka. Anthu achuma a ku America atauona pa maulendo awo anautengera kwawo, pofuna kuonetsa kuti nawonso ayenda. Unafika pa nthawi yoipa. Ukapolo unali utangotha mu 1865, ndipo anthu akuda ambiri omasulidwa ankafuna ntchito ina iliyonse. Eni mahotela, malesitilanti ndi makampani a sitima zapamtunda anaona mwayi wolemba anthu pa malipiro ochepetsetsa, n'kuwauza kuti zina azipeza kwa makasitomala. George Pullman, mwini mabogi ogonamo a sitima, analemba amuna akuda zikwizikwi kuti azinyamula katundu, kuyala mabedi ndi kupukuta nsapato za apaulendo. Moyo wawo unkadalira zimene wapaulendo angawaponyere, ndipo apaulendo ambiri sankavutika n'kufunsa dzina la munthu, onse ankangowaitana kuti George, dzina la bwana wawo. Amuna amenewa ndi amene mu 1925 anayambitsa bungwe lawo la antchito motsogozedwa ndi A. Philip Randolph.

Sikuti anthu onse anaulandira mwambowu. Ambiri ankati umanyozetsa munthu, umamusandutsa wopemphapempha pa ntchito yake yomwe. Chigawo cha Washington chinauletsa mu 1909, zigawo zina zingapo zinatsatira, ndipo mu 1916 William Scott analemba buku lonse lathunthu lotchedwa The Itching Palm poudzudzula. Koma malamulowo anakanika kugwira ntchito, moti pofika mu 1926 onse anali atafafanizidwa. Mu 1966 boma linachita kulemba m'lamulo kuti bwana angathe kuwerengera matipu ngati gawo la malipiro.

Otetezera mwambowu amati umalimbikitsa wantchito kugwira bwino ntchito. Michael Lynn wa ku yunivesite ya Cornell, yemwe wakhala akufufuza za matipu kwa zaka zambiri, anapeza kuti kukula kwa tipu kumayenderana pang'ono chabe ndi mmene munthu watumikiridwira. Chimene chimalamula kwambiri ndi kukula kwa bilu. Kafukufuku wake anaonetsanso kuti operekera zakudya akuda amalandira zochepa poyerekeza ndi anzawo azungu, ntchito ili imodzimodzi. Palinso vuto limene atsikana a ntchitoyi amalidziwa bwino: malipiro ako akakhala m'manja mwa kasitomala, umakakamizika kumwetulira ngakhale akukuyankhula zachipongwe, poopa kuti ukadandaula uchoka chimanjamanja. Apa ndi pamene mwambowu umalemera kwambiri, ndipo n'zovuta kuuikira kumbuyo.

Kuuthetsa nakonso si masewera. Mu 2015 Danny Meyer, mwini malesitilanti odziwika a ku New York, anachotsa matipu, n'kukweza mitengo ya zakudya kuti azilipira bwino antchito onse, ophika ndi otsuka mbale omwe. Makasitomala anayamba kuona ngati zakudya zadula, ndipo operekera zakudya ena amene ankapeza zambiri pa matipu anasiya ntchito. Mu 2020, mliri wa Covid-19 uli mkati, iye anabwerera ku dongosolo lakale. Ndipo mu 2025 boma la America linangowonjezera mizu ya mwambowu pokhazikitsa lamulo lolola wantchito kuti matipu ofika madola 25,000 pachaka asawerengedwe pa msonkho wa zimene amapeza.

Ku Japan zinthu zili mwa mtundu wina. Kusamalira mlendo kumatengedwa ngati mbali ya ntchito imene munthu analembedwa, ndipo mtengo wolembedwa ndi womwewo. Kupatsa wantchito ndalama pamanja kumamusowetsa mtendere, kumakhala ngati ukumuuza kuti bwana wake samulipira mokwanira. M'nyumba zogona alendo zachikhalidwe zotchedwa ryokan, mlendo wina amapereka kangachepe kwa mayi amene akusamalira chipinda chake, koma amaika mu envulopu, sapereka ndalama ili pamtunda. Ku South Korea nakonso tipu si chinthu chimene wantchito amayembekezera.

Mayiko ambiri a ku Ulaya ali pakatikati. Ku France mtengo wa pa menyu umakhala utaphatikiza kale ndalama ya utumiki, choncho wodya amangosiya timakobidi ta chenji ngati wakondwa. Ku Germany anthu sakonda kusiya ndalama patebulo. Bilu ikakhala mayuro 27, munthu amapereka 30 n'kuuza wantchito pomwepo kuti asabweze chenji. Ku Italy mlendo amapeza pa bilu kandalama kotchedwa coperto, kolipirira malo ndi buledi, ndipo ambiri amaganiza kuti kapita kwa wantchito pamene kalowa m'thumba la lesitilanti.

Pali anthu ena amene mwambo wa tipu umawadumpha kulikonse. Wophika amene wakhala pamoto tsiku lonse saonana ndi kasitomala. Mayi woyala mabedi ndi kukolopa mabafa mu hotela amalowa m'chipinda mlendo atatuluka, amachokamo asanabwere, pamene mnyamata wonyamula sutukesi kwa mphindi ziwiri amalandira yake pamanja. Mu 2014 mahotela a Marriott ku America ndi Canada anayamba kuika maenvulopu m'zipinda kuti alendo azikumbukira amayiwa. Ena anayamikira, koma ambiri anafunsa chifukwa chimene kampani yaikulu chotero ikupemphera alendo m'malo mongokweza malipiro. Funsolo linali loyenera.

Ndiye pali nkhani ya kumene ndalamayo imathera. Kale tipu inkachoka m'dzanja kupita m'dzanja. Lero anthu akulipira ndi khadi, ndalama imayamba yalowa mu akaunti ya kampani. Ku Britain, kumene malesitilanti ambiri a ku London amawonjezera 12.5 peresenti pa bilu, zinaululika mu 2015 kuti makampani ena ankadula gawo la matipu a pa khadi ponena kuti ndi ndalama yoyendetsera ntchito. Anthu anakwiya, koma panapita zaka lamulo lisanabwere. Linavomerezedwa mu 2023 n'kuyamba kugwira ntchito pa 1 Okutobala 2024. Tsopano bwana ayenera kupereka matipu onse kwa antchito osadulapo, kuwagawa mwachilungamo, ndiponso kusunga kaundula amene wantchito ali ndi ufulu womuona.

Nkhaniyi ikutikhudza kuposa mmene tingaganizire. M'malesitilanti a ku Johannesburg ndi Cape Town muli Amalawi ndi anthu a ku Zimbabwe ambiri amene akuperekera zakudya, ndipo ndalama zina zimene zimafika kumudzi mwezi ukatha zimachokera pa 10 kapena 15 peresenti imene makasitomala amasiya kumeneko. Lamulo la malipiro oyambira la ku South Africa, limene linayamba pa 1 Januwale 2019 ndi marandi 20 pa ola, limanena poyera kuti matipu asawerengedwe ngati gawo la malipirowo. Komabe munthu amene alibe mapepala okwanira sapita kukasuma, ndipo mabwana ena amadziwa zimenezi. Ku Zambia anasankha njira ina. Lamulo limati malo odyera ndi ogona alendo aziwonjezera 10 peresenti pa bilu, ndalama imene iyenera kupita kwa antchito.

Kuno ku Malawi palibe amene amasiya tipu pa chiimirire kapena pa kanyenya. M'malo mwake kasitomala ndi amene amapempha basela, kuti amuwonjezere kanyama kapena msuzi. Komatu kuthokoza ndi ndalama si kwachilendo kwa ife. Wovina bwino timamufupa, ndipo palibe amene amati kufupako ndi malipiro ake kapena ngongole yathu. Mawu oti “chenjiyo musunge, mugule sopo” amamveka m'malesitilanti a ku Lilongwe ndi Blantyre, ndipo wantchito amalandira ndi manja awiri. M'malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja, ku Mangochi, Cape Maclear ndi Nkhata Bay, alendo ochokera kunja anabweretsa chizolowezi chawo, ndipo malo ambiri anaika bokosi limodzi pofikira alendo kuti ndalama zizigawidwa kwa onse, kuphatikizapo mlonda, wakudimba ndi wochapa. Njira imeneyi ndi yachilungamo ngati bokosilo likutsegulidwa antchito akuona.

Choopsa n'chakuti mwini malo aone kuti azungu akusiya madola, ndiye ayambe kunena kuti malipiro akhale pomwepo popeza antchito akudya za alendo. Alendo amabwera ndi nyengo. Miyezi ya mvula zipinda zambiri za kunyanja zimakhala zopanda anthu, bokosi limakhala lopanda kanthu, pamene fizi ya ana ikufunika mu Januwale momwemo. Ndipo pamene makasitomala ambiri ayamba kulipira ndi khadi, Airtel Money kapena Mpamba, chenji ya m'manja ikuchepa. Wofuna kuti kangachepe kake kafike kwa mwiniwake angachite bwino kufunsa wantchitoyo mwakachetechete ngati ndalama yowonjezera pa bilu imawafika, ndipo ngati siwafika, amupatse m'manja.