Wojambula pa Doko la Kachulu

Wophunzira luso lojambula pa Yunivesite ya Malawi ku Zomba akafuna nkhani yoifotokoza m'zithunzi, safunika kupita kutali: doko la Kachulu, kumadzulo kwa Nyanja ya Chilwa, lili pafupi. Nyanjayi inaphwa mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018, mabwato natsala pa matope ong'ambika. Zimenezo n'zosavuta kujambula.

Chovuta ndi zimbowera, timisasa toyandama m'mene asodzi a matemba amagona masabata ambiri. Kumeneko kulibe chimbudzi ngakhale mjigo, ndipo kolera anawapeza komweko mu 2016. Wojambula waphuma amaonetsa msodzi akumwa madzi a m'nyanja, ntchentche zitamuzinga, kuti a m'tauni aseke. Zoonadi, Brian Hara ankaseketsa dziko ndi Pewani mu Malawi News, koma Pewaniyo anali wongopeka. Msodziyu ali ndi ana, ndipo tsiku lina adzachiona chithunzicho chitakhomedwa kusukulu kwawo.

Tsono wophunzira wodekha amayamba wakwera bwato. Pa pepala lake msodzi amachepa, chimakula ndi mtunda wa pakati pa chimbowera ndi mjigo woyamba wa kumtunda.