Blantyre wina wa m'mbali mwa mtsinje wa Clyde

Makilomita pafupifupi 13 kum'mwera chakum'mawa kwa mzinda wa Glasgow ku Scotland kuli tauni ya Blantyre, mwini dzina lomwe amishoni a Church of Scotland anapatsa mzinda wa Blantyre ku Malawi mu 1876.

Tauniyi inakula chifukwa cha thonje. Mu 1785, David Dale anamanga fakitale yopota ulusi m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, ndipo makina ake ankayendera mphamvu ya madzi. Antchito ankakhala mothithikana m'nyumba za kampani. M'nyumba ina yotchedwa Shuttle Row munkakhala mabanja 24, lililonse m'chipinda chimodzi. Mmenemo ndi mmene munabadwira David Livingstone pa 19 Malichi 1813. Ali ndi zaka khumi anayamba ntchito yolumikiza ulusi woduka, kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 8 koloko usiku, n'kumapita kusukulu akaweruka.

Malonda a nsalu atayamba kulowa pansi, anthu anadalira migodi ya malasha, koma pa 22 Okutobala 1877 mgodi unaphulika ndi kupha anthu oposa 200. Fakitale ija inatsekedwa mu 1904.

Nyumba ya Shuttle Row inapulumuka anthu atasonkha ndalama zoti isagwetsedwe, ndipo mu 1929 inasanduka yosungiramo mbiri ya Livingstone. Itakonzedwanso, inatsegulidwa mu 2021, ikufotokozanso za Aafirika monga Susi ndi Chuma amene anayenda naye. Tsidya lina la mtsinje kuli mabwinja a Bothwell Castle, linga la m'zaka za m'ma 1200.