NKHOKWE YA MAIKO AMBIRI

Akuru-akuru a m'maboma a Blantyre, Zomba ndi Chiradzulu sanaiwale njala ya caka ca 1949. Mvula inaleka pakati pa dzinja, cimanga cinapserera m'minda, ndipo Boma la masiku amenewo linayamba kufuna-funa cakudya m'maiko akunja. Cakudyaco cinapezeka, koma kubwera naco kunabvuta, pakuti mlatho wa njanji wa pa Chiromo unali utapita ndi madzi caka ca 1948. Pamene matumba anali kuoloka Shire pang'ono-pang'ono, anthu anali kudya mizu ndi zipatso za kuthengo, ndipo amuna ambiri anasiya mabanja ao napita kutali kukafuna cakudya.

Papita zaka zambiri cicokere njala imeneyo, miseu ndi milatho yacuruka, koma bvuto lace silinathe. Dziko likaona tsoka lalikuru, kaya cilala, kaya madzi osefukira, kaya cibvomezi, maiko anzace sakana kuthandiza ai. Cimene cimapha anthu ndico kucedwa kwa thandizolo. Masiku ano maiko ambiri ali kuyesa njira zatsopano kuti ndalama zizifika msanga, ndipo dziko la Malawi lalawako njira zimenezi, zokoma zace ndi zowawa zomwe.

Kupempha tsoka litagwa kale

Njira yozolowereka ndi iyi. Mvula ikakana, Boma limatuma anthu m'midzi kukawerenga mabanja amene alibe cakudya. Akatha kuwerengako, mtsogoleri wa dziko amalengeza kuti dziko liri pa tsoka, napempha thandizo. Akazembe amalemba makalata kwao, aphungu a kumeneko amakhala pansi kukambirana, ndipo akabvomera ndiye cimanga cimagulidwa ndi kukwezedwa m'zombo. Zonsezi zimadya miyezi yambiri.

Tsono mimba siidikira kalata. Banja limene nkhokwe yace yatha mu October limayamba kugulitsa nkhuku, kenaka mbuzi, kenaka njinga, zonsezo pa mtengo wongotaya popeza anansi onse ali kugulitsanso zao. Mbeu imene anaisunga pa tsindwi imalowa mumphika. Ana amaleka sukulu. Mvula ikagwa, bambo ndi mai amapita kukalima ganyu m'munda wa eni ace, wao uli kumera thengo. Cotero thumba la cimanga likafika mu February limapeza banjalo litasauka kale, ndipo njala ya caka cino yabala kale inzace ya caka camawa.

Palinso cina. M'mwezi wa March 2019 namondwe wochedwa Idai anaononga mzinda wa Beira ku Mozambique, naphanso anthu ku Zimbabwe ndi ku Malawi. Patapita miyezi iwiri ndi theka, maiko ndi mabungwe anasonkhana ku Beira komweko. Boma la Mozambique linati lifuna madola a ku America 3,200,000,000 kuti likonzenso zimene zinaonongeka ndi Idai pamodzi ndi namondwe mnzace Kenneth, amene anadza mu April. Osonkhanawo analonjeza madola 1,200,000,000, osafika ndi theka lomwe, ndipo ndalama zolonjezedwazo sizinabwere tsiku limodzi. Zinangodontha kwa zaka. Akale sananame muja anati fodya wako ndiye ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo.

Kusonkheratu

M'midzi yambiri muli magulu a maliro. Mwezi uli wonse munthu amaponya kangacepe m'thumba, ndipo zobvuta zikagwa pakhomo pace sayendanso khomo ndi khomo kupempha nsaru ndi matabwa. Msungicuma amangomasula thumbalo. Nzeru yomweyi ndiyo maiko aitola.

Bungwe la United Nations linatsegula thumba lotere mu 2006, nyanja itasefukira ndi kupha anthu oposa 200,000 ku Indonesia ndi maiko ena mu December 2004. Maiko amaponyamo caka ndi caka, ndipo ndalama zimaturuka m'masiku owerengeka. Maiko a European Union anayamba thumba lao mu 2002, mitsinje itasefukira ku Germany, Austria ndi Czech Republic. Iwonso anadandaula kuti ndalama zinali kutha caka cathunthu zisanafike (kucedwa si nthenda ya osauka okha), motero mu 2014 anasintha lamulo kuti dziko lobvutika lizilandiriratu gawo limodzi mwa magawo 10 makalata asanathe, ndipo mu 2020 anakweza kufikira gawo limodzi mwa magawo 4.

Zisumbu za Caribbean zinacita mwa njira yina. Namondwe Ivan ataphwasula cisumbu ca Grenada mu 2004, maiko 16 anapangana mu 2007 kukhala ndi inshuwalansi yaoyao, yolipira asanathe masiku 14. Cibvomezi citagwetsa mzinda wa Port-au-Prince ku Haiti mu January 2010, bungwe laolo linapereka madola pafupi-fupi 7,750,000 m'masabata awiri. Poyerekeza ndi tsokalo zinali zocepa ndithu, koma zinali m'gulu la ndalama zoyamba kulowa m'manja mwa Boma la Haiti.

Nkhokwe ya Africa

Bungwe la African Union linamanga nkhokwe yace mu 2012, niliicha African Risk Capacity, mwacidule ARC. Mu 2014 panatsegulidwa kampani ya inshuwalansi ya maiko olowamo. Ndalama zoyambira zinacokera ku Britain ndi Germany monga ngongole yopanda ciongola dzanja.

Kayendetsedwe kace nkotere. Dzinja lisanayambe, Boma limalipira ndalama ya caka cimeneco. Limalembanso cikalata conena bwino lomwe cimene lidzacita ndalama zikadzaturuka: madera ati, mabanja angati, kodi adzapatsidwa cimanga kapena ndalama m'manja. Dziko lopanda cikalata cotere sililoledwa kulowa. Pangano ndi lakuti ndalama zituruke masabata awiri kufikira anai nyengo ya ulimi itatha, ndi kuti thandizo liyambe kufika kwa anthu asanathe masiku 120.

Wina angafunse kuti zitheka bwanji msanga cotero, pokhala minda ndi yambirimbiri. Yankho ndi lakuti palibe munthu amene amayenda m'minda kukaona zimene zapserera. Makina oyenda m'mlengalenga, ochedwa setilaiti, amayesa mvula imene yagwa pa dera liri lonse masiku 10 ali onse. Ciwerengeroco cimalowa mu kompyuta, m'dongosolo lochedwa Africa RiskView, limene limalinganiza mvulayo ndi madzi amene mbeu ifuna cibzalire mpaka kukhwima. Likapeza kuti mbeu inasowa madzi, limawerenga anthu osauka okhala m'deralo ndi ndalama zofunika kuwathandiza. Ciwerengero cikapitirira malire amene Boma ndi kampani anapangana poyamba paja, ndalama zimaturuka popanda mlandu kapena kukangana.

Ubwino wosonkha pamodzi uli apa. Ku Senegal mvula imagwa kuyambira June kufikira October, pamene ku Malawi kuli cilimwe, ndipo sikawiri-kawiri kuti cilala cigwire maiko onse caka cimodzi. Ndalama imene dziko lina silinaifune caka cino imathandiza linzace. Poopa caka coipitsitsa, kampaniyo nayonso imagula inshuwalansi ku makampani akuru-akuru a kunja.

Caka coyamba zinayenda bwino. Analowa maiko anai: Kenya, Mauritania, Niger ndi Senegal. Mvula inabvuta ku Sahel mu 2014, ndipo mu January 2015 maiko atatu, kupatula Kenya, analandira madola oposa 26,000,000. Senegal yekha analandira 16,500,000, nagulira cakudya ca anthu ndi ca ziweto.

Zimene Malawi anaona mu 2016

Boma la Malawi linalowa m'nkhokwemo pa dzinja la 2015 ndi 2016, nililipira madola pafupi-fupi 4,700,000. Caka comweco kunadza cilala coopsya, cobwera ndi kutentha kwa madzi a m'nyanja ya Pacific kumene akatswiri amakucha El Niño. Mu April 2016 President Peter Mutharika analengeza kuti dziko liri pa tsoka. Owerenga anthu m'midzi anapeza kuti anthu 6,500,000 adzasowa cakudya. Koma kompyuta ya ARC inati obvutika ndi cilala anali ngati 21,000 okha, ndipo ciwerengero cotere sicinafike pa malire oturutsira ndalama. Dziko linali litalipira, minda inali itauma pamaso pa ali yense, koma nkhokwe inakhala cotseka.

Panali kudandaula kwakukuru, ndipo kunali koyenera. A ARC anatuma anthu kudzafufuza, mothandizana ndi akatswiri a ku sukulu ya ulimi ya Bunda, amene anayenda m'midzi kufunsa alimi. Cimene anapeza cidzadabwitsa mlimi ali yense cifukwa ca kucepa kwace. Kompyuta inauzidwa kuti alimi a Malawi amabzala cimanga cokhwima mocedwa, ca masiku 120 kufikira 140. Koma alimi ambiri anali atasiya kale mbeu zotere, nayamba kubzala cimanga ca haibridi cokhwima msanga, ca masiku ngati 90.

Mlimi adziwa kuti nthawi yoopsya ya cimanga ndi pamene ciri kumasula ngaiyaye ndi kuturutsa ndebvu. Cikasowa madzi masiku amenewo, mvula yobwera m'mbuyo siicithandizanso. Caka cimeneco ng'amba inagwa pa nthawi yoipa kwa cimanga cofulumira. Mvula imene inadza pambuyo pace kompyuta inaiwerenga monga yopulumutsa mbeu, cifukwa m'maganizo ace cimanga cinali cikali kukula, pamene m'minda yeniyeni cinali citafa kale. Atakonza masiku a mbeuwo, ciwerengero ca obvutika cinalumpha kufika pa anthu ngati 2,000,000.

Mu November 2016 a ARC anabvomera kulipira madola 8,100,000, ndipo ndalamazo zinafika mu January 2017. Ndiye kuti nkhokwe imene inamangidwa kuti ithetse kucedwa inacedwa miyezi yoposa isanu ndi umodzi. Ndiponso nchito yonse yodyetsa anthu caka cimeneco inawerengedwa kuti ifuna madola pafupi-fupi 395,000,000. Za ARC zinali ngati madola awiri pa 100 ali onse. Bungwe la ActionAid linalemba mu 2017 kuti ndalama zimene Malawi analipira zikadapindula koposa pa ulimi wothirira ndi pa kuthandiza mabanja osauka mwacindunji. A ARC anati colakwa cinali pa ciwerengero cakale cimene cinaikidwa mu kompyuta, osati pa nzeru yosonkha pamodzi. Mau onse awiri ali ndi coona m'kati mwace. Boma la Malawi linaleka kulipira kwa zaka zingapo.

Zimene zakonzedwa

Kulipira caka ndi caka nkobvuta kwa dziko losauka. Nduna ya za cuma ikaona zipatala zosowa mankhwala, mtima sulola msanga kupereka mamiliyoni pa cilala cimene mwina sicidzabwera. Pa cifukwa cimeneci African Development Bank inayamba mu 2018 kuthandiza maiko kulipira gawo la ndalama zolowera. Mabungwe othandiza anthu, monga World Food Programme ndi Start Network, analoledwanso kugula inshuwalansi yofanana ndi ya Boma m'dziko lomwelo, kuti cilala cikadza ndalama zituruke mbali ziwiri.

Malawi anabwereranso. Mu 2022 analandira madola 14,200,000 cifukwa ca cilala ca dzinja lapitalo. Mu March 2024 El Niño ataumitsanso minda, President Lazarus Chakwera analengeza tsoka m'maboma 23 mwa maboma 28, napempha madola oposa 200,000,000. Mu August caka comweco ARC inapereka madola 11,200,000. Zambia analandira pafupi-fupi 10,000,000, ndipo ku Zimbabwe Boma linalandira 16,800,000, mabungwe awiri aja nalandira zao zoonjezera mpaka zonse pamodzi zinakwana 31,800,000. Caka cimeneco cilala cinagwira maiko oyandikana nthawi imodzi, cinthu cimene nkhokwe yotere imaciopa koposa, komabe kampaniyo inalipira onse.

Owerenga aona okha kuti ndalama zimenezi sizifika pa zimene zifunika. Sizinapangidwire kudyetsa dziko lonse. Nchito yace ndiyo kuyamba kugula cakudya pamene makalata opempha akali pa njira, mbuzi ndi njinga zija zisanagulitsidwe. Ndiponso inshuwalansi imalipira tsoka lokhalo limene linalembedwa m'pangano. Namondwe Freddy atakokolola midzi ya ku Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi Nsanje mu March 2023, katundu woonongeka anawerengedwa kuti anaposa madola 500,000,000, koma pangano la cilala silikhudza madzi osefukira. Madagascar, amene anagula pangano lina la anamondwe, analandira madola 10,700,000 namondwe Batsirai atamgwera mu February 2022.

Mbali ya anthu a m'midzi

Nkhani ya 2016 ionetsa kuti makina a m'mlengalenga amaona mvula koma saona cimene mlimi wabzala. Zimenezo zimadziwika kupyolera mwa alangizi a ulimi, amene amayenda m'midzi katatu pa caka kulemba za mbeu ndi zokolola, ndi mwa anthu a Boma owerenga mabanja osowa cakudya. Ziwerengero zotere ndizo akatswiri a Boma amagwira nazo nchito akakhala pansi ndi a ARC kukonza pangano la dzinja likudzalo.

Anthu ena amabisa ukuru wa munda wao, ena amangoyankha kuti anabzala "cimanga" basi, poganiza kuti mafunsowo ngopanda pace. Mafumu ndi aphunzitsi acita bwino kufotokozera anthu ao kuti mlangizi akafika amuuze dzina la mbeu monga linalembedwa pa thumba, kaya ndi ya makolo kaya ndi yogula, sabata imene anabzala, ndiponso ngati anabzalanso kaciwiri mbeu yoyamba itapserera.