Manambala awiri oti tiwadziwe

Anzathu a m'koperativa, chaka chatha pa nthawi yopalira bambo wina wa m'gulu lathu anagwa m'munda khasu lili m'manja. Pakamwa panapotoka, dzanja ndi mwendo wa kumanja zinafooka. Ena anati alodzedwa. Koma kuchipatala anatiuza kuti ndi kuthamanga kwa magazi, kumene iwo amati tensão alta. Bambowo sankadandaula kalikonse. Lero akuyendera ndodo, ndipo mizere yawo akulima ndi ana.

Kodi matendawa ndi otani? Mtima umapopa magazi kuti ayende m'mitsempha. Magazi akamakankha mitsempha mwamphamvu kwambiri, tsiku ndi tsiku, mitsemphayo imawonongeka. Mtsempha wa mu ubongo ungaphulike kapena kutsekeka, munthu n'kufa ziwalo. Mtima, impso ndi maso zimawonongekanso.

Tonse timadziwa anankafumbwe. Nkhokwe imaoneka bwino kunja, pamene m'kati chimanga chikufumbwa. Matendawa amateronso. Anthu ambiri samva kupweteka kulikonse. Kafukufuku wa mu 2005 anapeza kuti ku Mozambique kuno munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi matendawa, ndipo ambiri sankadziwa.

Mlimi wanzeru amapisa dzanja m'nkhokwe kuti aone chimanga. Ifenso tipite kukayezetsa. Kuyeza sikupweteka, ndipo satenga magazi. Anamwino amamanga kansalu pamkono, n'kupopa mpweya. Tisanayezedwe tikhale pansi mphindi 5. Tisasute fodya, ndipo poyeza tisayankhule.

Anamwino adzatiuza manambala awiri. Apa ndi pamene sukulu yathu ikugwira ntchito! Tinaphunzira manambala kuti tiziwerenga matumba ndi makilo. Tsopano tiwerenge za thupi lathu. Manambala akakhala pafupi ndi 120/80, zili bwino. Nambala yoyamba ikafika 140 kapena kupitirira, kapena yachiwiri ikafika 90 kapena kupitirira, tibwerenso tsiku lina. Akapezanso chomwecho, ndiye kuti matendawa tili nawo. Tilembe manambalawo m'kope, pamodzi ndi tsiku lake.

Nanga tichite chiyani?

Choyamba, tichepetse mchere. Munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 pa tsiku, ndiko kuti kasupuni kamodzi kakang'ono, kuphatikiza mchere wonse wa m'ndiwo. Kaludo wogula kusitolo ali ndi mchere wambiri. Nsomba zouma za mchere tiyambe taziviika m'madzi, madziwo n'kutaya.

Chachiwiri, tidye za kudimba kwathu: nkhwani, bonongwe, nyemba, tomato ndi nthochi. Tisagulitse zonse.

Chachitatu, tisiye fodya, wosuta ndi wofwenkha yemwe. Mowa ndi kachasu zimakweza magazi.

Chachinayi, akatipatsa mankhwala timwe tsiku lililonse. Mankhwalawa sachotsa matenda, amangowagwira kuti asakwere. Tikasiya chifukwa tikupeza bwino, magazi amakweranso. Tikatenge ena asanathe, ndipo tisagawane ndi mnzathu. Akatizunguza mutu, tikauze anamwino.

Amayi oyembekezera asaphonye kusikelo, pakuti magazi akakwera amaika mayi ndi mwana pangozi.

Tikaona munthu pakamwa papotoka, dzanja lafooka mwadzidzidzi, kapena lilime likulemera, tisadikire kuti kuche. Tithamange naye kuchipatala nthawi yomweyo.

M'kalasi mwathu tagwirizana kuti tipite kukayezetsa m'magulu a anthu asanu, kuti ntchito ya kumunda isaime. Amene sanayezedwepo ndiwo ayambe. Aliyense atenge kope ndi pensulo.

Ntchito ya lero: tilembe m'kope 120/80 ndi 140/90. Tiwerenge mokweza. Kenaka tikambirane: kodi m'nyumba mwathu paketi ya mchere imatha masiku angati?