Manja achikasu: m'mawa umodzi pa mphero ya ku Java

Patha sabata yathunthu chibwerereni ku Indonesia, koma m'mbali mwa zikhadabo zanga mudakali kachikasu. Sopo walephera, mandimu alephera. Mnzanga wina kuntchito anayang'ana manja anga kanthawi, kenaka n'kundifunsa monong'ona ngati ndakayezetsa chiwindi. Ndinamuyankha kuti chikasu changachi si cha matenda. Ndi cha manjano, amene ena masiku ano akuwatcha tameriki, ndipo ndinachitenga pa mphero ya mayi wina m'mudzi wa Kiringan, m'boma la Bantul, kummwera kwa mzinda wa Yogyakarta pa chilumba cha Java.

Kumeneko ndinakaphunzira kupanga jamu. Limeneli ndi dzina la zakumwa ndi zodzola zochokera ku mizu, makungwa, masamba ndi zipatso, zimene anthu a ku Indonesia akhala akugwiritsa ntchito kwa zaka mazanamazana. Wina akangomva zimenezi athamangira kunena kuti ndi mankhwala achikuda basi, ngati akwathu konkuno. Kufanana kulipo, koma pali kusiyana kumodzi kumene ndinakuona tsiku loyamba lomwe. Kwathu munthu amafuna mankhwala azitsamba akadwala. Ku Java munthu amamwa jamu m'mawa ali bwinobwino, monga mmene ife timamwera tiyi kapena thobwa, ndipo amamwera pamsewu anthu akuona.

Amene amabweretsa jamu pakhomo ndi amayi otchedwa mbok jamu. Kalekale onse ankayenda wapansi, dengu lansungwi lodzaza mabotolo lili kumsana, atalimanga ndi nsalu yaitali yodutsa paphewa. Mawu awo akuti gendong amatanthauza kubereka, kubereka komweku kwa mwana, n'chifukwa chake malondawa amatchedwa jamu gendong. Lero ambiri anagula njinga zakapalasa ndi zamoto, koma dzina silinasinthe. Kiringan ndi mudzi wodziwika ndi amayi oterewa, ndipo popeza alendo anachuluka odzaona, anthu ake anayamba kulandira magulu ofuna kugwira ntchitoyi ndi manja awo.

Tinalipo asanu ndi mmodzi: ine, banja lina la ku Netherlands, atsikana awiri ochokera ku Jakarta amene ananena mosabisa kuti jamu amangomudziwira m'timapaketi ta kusitolo, ndi mnyamata wotanthauzira. Mphunzitsi wathu anali mayi wachikulire, wamfupi, wamikono yolimba ngati ya munthu wosinja tsiku ndi tsiku. Aliyense ankangowaitana kuti Mbok, ndiye kuti mayi, nanenso ndinatsatira. Anatilandira ndi liwu lakuti monggo, limene Ajava amanena polowetsa mlendo kapena pomupatsa chinthu, natikhazika pamphasa kukhonde la kuseri.

Ndinkayembekeza pepala la malangizo. M'malo mwake anatiikira lichero lodzaza mizu yosatsuka, natiuza kuti tisiyanitse. Apa ndi pamene kudzitama kwanga kunathera. Jinja ndinamuzindikira, manjano ndinawazindikira nditawakanda ndi chikhadabo. Koma panali muzu wina waukulu wofanana ndi manjano, wotchedwa temulawak, ndi wina waung'ono woyera mkati, wafungo lolasa m'mphuno ngati mankhwala opaka pachifuwa, wotchedwa kencur. Ndinasakaniza zonse. Mbok sanakalipe. Ankangothyola muzu, kundinunkhiza, kunditafunitsa kachidutswa, kenaka kuubwezera m'lichero kuti ndiufunenso. Mizu yonse yamtunduwu pamodzi amaitcha empon-empon, ndipo amene wafika ku Yogyakarta akhoza kuiona itaunjikidwa milumilu mu msika wa Beringharjo, pa msewu wotchuka wa Malioboro.

Kenaka anatulutsa mwala wafulati ndi kamwala kena kobulungira motalika. Iwo amati pipisan ndi gandik. Ine ndinaseka ndekha, chifukwa imeneyi ndi mphero ndi mwanamphero, zomwe agogo anga ankaperera mawere a thobwa. Pambali panali mtondo ndi munsi. Ndinawoloka nyanja yaikulu, kusintha ndege katatu, kuti ndikagwade pa chipangizo chimene kwathu tinachitaya kuseri kwa nkhokwe chigayo chitabwera.

Chakumwa choyamba chinali kunyit asam, ndiye kuti manjano ndi bwemba. Inde, bwemba yemweyu amene ana a ku Chikwawa ndi ku Salima amamumung'unya mpaka mano kuyayamira. Manjano timawatsuka, kuwapala pang'ono, n'kuwapera pa mphero mpaka asanduke phala. Kupera kumeneku kuli ndi luso lake. Ukakankha ndi mikono yokha, mphindi zisanu sizitha usanatope. Uyenera kutsamira ndi thupi lonse, mwanamphero azigubuduka yekha. Phalalo timalifinya pa kansalu, madzi ake n'kuwawiritsa pamodzi ndi bwemba, kamchere pang'ono ndi shuga wabulauni wouma ngati mwala, amene amapangidwa kuchokera ku madzi otsekemera a maluwa a mtengo wa kokonati. Sikelo panalibe. Muyeso wa Mbok unali chala: manjano otalika ngati chala chamkombaphala angapo, bwemba wokwana pansonga za zala zitatu. Mmodzi wa a ku Netherlands aja anafunsa kuti zimenezi ndi magalamu angati. Yankho linali lakuti manjano a m'dzinja ndi a m'chilimwe sakhala ndi mphamvu yofanana, ndiye lilime ndi limene limagamula.

Chachiwiri chinali beras kencur. Mpunga wonyikidwa m'madzi kwa maola angapo umasinjidwa pamodzi ndi kencur ndi jinja, n'kusungunulidwa ndi madzi owiritsa a shuga uja, kenaka kusefedwa. Chimatuluka choyererako ngati thobwa la chimanga, chotsekemera, chotenthetsa kukhosi. Ichi ndi chimene ana amakonda, ndipo makolo amawapatsa akamakana kudya.

Chachitatu sindidzachiiwala. Dzina lake ndi pahitan, kuchokera ku liwu lotanthauza kuwawa, ndipo muli masamba a sambiloto ndi tsinde la brotowali. Amene anamwapo madzi a nimu akuganiza kuti akudziwa kuwawa. Sakudziwa. Ndinameza kamodzi, misozi n'kulengeza, atsikana a ku Jakarta aja akugubuduka ndi phwete. Mbok anali atakonzeratu kachikho ka beras kencur kotsukira mkamwa, monga amachitira ndi kasitomala aliyense. Zonsezi timamwera m'chigoba cha kokonati chopalidwa bwino, chimene ku Kiringan amachikonda kuposa tambula.

Zotsalira pa kansalu sizitayidwa. Mpunga ndi kencur zosinjidwa amaziumba timibulu n'kuziyanika. Ukatopa umanyowetsa kamodzi n'kupaka m'miyendo. Amazitcha parem. Palinso lulur, chopaka pakhungu chimene kale chinali cha akazi a kunyumba zachifumu za ku Yogyakarta ndi Surakarta pokonzekera ukwati, ndipo lero mahotela akuchigulitsa pamtengo woti munthu ugwire pakamwa. Pa chilumba cha Bali ali ndi chawo chotenthetsa thupi chotchedwa boreh, chimene alimi a mpunga ankapaka akachoka m'madzi ozizira a m'munda.

Pamene mphika unali pamoto m'pamene ndinaphunzira zimene sindinalipirire. Kudzera mwa wotanthauzira uja, Mbok anafotokoza kuti amadzuka usiku kusanache, cha m'ma 3 koloko, chifukwa jamu wa lero ayenera kuphikidwa lero. Wotsala madzulo sagulitsidwa mawa. Makasitomala awo amawadziwa mmodzimmodzi. Akudziwa amene akuyamwitsa, amene amamupatsa uyup-uyup. Akudziwa wopalasa njinga yonyamula anthu amene msana umamuvuta, amene amamwa cabe puyang. Akudziwa mtsikana amene amavutika ndi cham'mimba akakhala kumwezi, amene amamusungira kunyit asam. Ndipo akudziwa amene sayenera kumwa: woyembekezera samupatsa zowawa zija, wodwala shuga samuthirira shuga, ndipo amene watentha thupi masiku angapo amamuuza kuti apite ku puskesmas, chipatala chaching'ono cha boma cha m'dera. Ndinafunsa ngati pali jamu wochiza khansa. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana, napukusa mutu.

Kupukusa mutu kumeneko ndinakukumbukira nditakwera basi ya ku Lilongwe kuchoka ku Blantyre, mnyamata wovala tayi ataimirira pakati n'kuyamba kulalikira za botolo limodzi lochiza shuga, BP, mphumu, kusabereka ndi kuchepa mphamvu m'banja. Botolo lopanda dzina la chomera ngakhale chimodzi. Ukafunsa muli chiyani, akuti ndi chinsinsi cha makolo. Mayi wa ku Kiringan amasakaniza zinthu zake kasitomala akuona, amatchula dzina la muzu uliwonse, ndipo mawa m'mawa adzadutsanso pakhomo lomwelo. Akakupweteka, ukudziwa kumene amakhala.

Ndisanamizire kuti ku Indonesia zonse ndi zoyera. Jamu ndi bizinesi yaikulu ya mafakitale. Kampani ya Sido Muncul ya ku Semarang imagulitsa timapaketi ta Tolak Angin m'sitolo iliyonse, ndipo ina yakale kwambiri, Nyonya Meneer, imene inayamba mu 1919, inagwa ndi ngongole mu 2017. Pakati pa makampani ovomerezeka ndi amayi a madengu pali anthu achinyengo amene amathira mankhwala a kuchipatala mu ufa wa zitsamba kuti womwa amve kusintha msanga: opha ululu, dexamethasone, ngakhalenso sildenafil m'zimene amati n'zopatsa abambo mphamvu. Bungwe la boma loona za mankhwala ndi zakudya, BPOM, limatulutsa kawirikawiri mayina a zinthu zoterezi n'kuzilanda m'misika. Bungwe lomweli linagawa mankhwala azitsamba m'magulu atatu: jamu wamba, amene umboni wake ndi wakuti anthu akhala akumwa kuyambira kale, obat herbal terstandar, amene anayesedwa mu labotale ndi pa nyama, ndi fitofarmaka, amene anayesedwa pa anthu. Gulu lililonse lili ndi chizindikiro chake pa paketi. Wogula amadziwa kuti akugula umboni wochuluka bwanji. Kwathu ntchito yotere ili m'manja mwa Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, koma mnyamata wa m'basi uja sankaoneka ngati munthu amene anamvapo dzinali.

Ngakhale manjano enieniwo ali ndi malire. Chimene chimawapatsa mtundu, curcumin, thupi silichiyamwa mosavuta, n'chifukwa chake opanga makapisozi amachiunjika chambiri n'kuwonjezera zochokera ku tsabola wakuda kuti chilowe m'magazi. Makapisozi oterewa ndi amene akhala akukhudzidwa ndi kuvulala kwa chiwindi mwa anthu ena, moti mu 2023 bungwe loona za mankhwala ku Australia linachenjeza anthu za iwo. Kachikho ka m'mawa ndi kapisozi wa m'botolo ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ndipo amene ali pa ma ARV, pa mankhwala a TB kapena ochepetsa kuundana kwa magazi, asayambe chizolowezi chomwa zitsamba zilizonse asanafunse dokotala wake. Safunsa anadya phula.

Mwambo wa jamu unalembedwa m'kaundula wa UNESCO wa chikhalidwe cha anthu a padziko lonse mu Disembala 2023, pa msonkhano umene unachitikira kufupi ndi kwathu, ku Kasane m'dziko la Botswana. Ndi kaundula yemwe uja muli Gule Wamkulu, Vimbuza, Tchopa ndi nsima yathu, imene inalowamo mu 2017. Dziko la Indonesia limakumbukiranso tsiku la jamu pa 27 Meyi chaka chilichonse. Otsogolera alendo ku kachisi wa Borobudur, amene anamangidwa zaka zoposa 1,100 zapitazo, amakuonetsa zosema pamwala za anthu akusinja ndi kupaka odwala mankhwala. Zimenezi zakweza dzina la jamu, ndipo dzina likakwera, amalonda amabwera.

Ndinaziona ndekha patapita masiku awiri chichokereni ku Kiringan, pa hotela ina mumzinda wa Yogyakarta imene inalengeza phunziro lofanana. Ndinalowa chifukwa cha chidwi. Mizu inali yosendasenda kale m'timbale tagalasi, panali makina opera amagetsi, epuloni yokhala ndi dzina la hotela, ndi mtsikana waulemu wowerenga zoloweza. Mphindi makumi anayi, chithunzi, satifiketi. Mtengo wake ukanagula makapu a Mbok a miyezi ingapo, ndipo manja anga anatuluka monga mmene analowera. Amene mukupita kumeneko, funsani funso limodzi musanalipire: kodi wophunzitsayo amagulitsa jamu m'mawa uliwonse? Ngati yankho ndi ayi, sungani ndalama zanu.

Mizu yaiwisi sindinabwere nayo, chifukwa zomera siziloledwa kudutsa pabwalo la ndege popanda chikalata cha a zaulimi. Kencur ndiye ndamusowa, moti beras kencur wanga wathera m'kope. Koma Loweruka lapitali ndinapita mu msika wa Limbe ndipo ndinapeza manjano, jinja ndi bwemba pa mabenchi atatu oyandikana. M'malo mwa shuga wa kokonati ndinathira wabulauni wa ku Nchalo. Mphero ndinakaibwereka kwa azakhali ku Chiradzulu, amene anaifukula pansi pa mulu wa nkhuni akundifunsa ngati ku tauni magetsi athereratu. Atalawa anati bwemba wachuluka, ndipo sananame.